Chilwa, Nyanja Yokana Maliro Ake

Chakumapeto kwa 2018 ambiri anali atayilemba kale nyanja ya Chilwa m'gulu la akufa. Manyuzipepala a kuno ndi akunja komwe ankatulutsa zithunzi zofanana: mabwato atagona chammbali pa doko la Kachulu, pansi pake dothi long'ambika ming'alu yolowa phazi la mwana, ndipo kutsogolo, kumene kunkayenera kukhala madzi, chigwa chotuwa chofika kumene maso alekezera. Masana akamvulumvulu ankavina pamene kale ankaponyapo makoka. Dothi linkachita mbuu ndi mchere. Matiyirumu a padoko anatseka zitseko, chifukwa ogula tiyi ndi sikono m'mamawa anali asodzi, ndipo asodziwo anali atabalalika: ena ku Malombe, ena ku Mangochi, ena kukafuna ganyu m'tauni ya Zomba, ena kukwera m'mapiri ndi nkhwangwa kukawotcha makala. Chisi, chilumba chachikulu cha nyanjayi, chinasanduka phiri wamba lokhala pakati pa chigwa. Eni mabwato onyamula anthu anayamba ndi kukankha mabwato awo m'ngalande ya matope, thukuta lili kamukamu, kenaka n'kumangoyang'ana makasitomala awo akudutsa wapansi ndi panjinga, katundu ali pamutu, osalipira ngakhale tambala.

Ku msika wa Zomba amayi ankafunsa matemba a ku Chilwa n'kupatsidwa usipa. Munthu wokulira m'chigwa chino amadziwa kuti kumeneko n'kunyozedwa.

Komatu agogo a m'midzi ya kwa Mwambo ndi kwa Mkumbira sanagwe nawo mphwayi kwenikweni. Anali ataziwonapo. Nyanjayi inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo nthawi zonse ziwirizo panali anthu olengeza kuti basi yapita. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, komanso Mnembo wochokera ku Mozambique, koma chotulukira chake ndi dzuwa lokha. N'chifukwa chake madzi ake ali amchere pang'ono. Ndi yotambalala koma yosaya, moti m'malo ambiri nsungwi ya woyendetsa bwato imagunda pansi popanda vuto. Ili ngati madzi othira pa chiwaya chili pamoto: mvula ikangonyanyala zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, dzuwa la Okutobala limamaliza zotsalazo.

Nkhani imene imandiseketsa ndi ya akatswiri a Yunivesite ya Malawi. M'zaka za m'ma 1960, yunivesite ikadali yatsopano, anayamba kafukufuku wamkulu wa nyanjayi. Ali mkati moyeza madzi ndi kuwerenga nsomba, nyanja imene ankayifufuzayo inawathawa. Ena akanalongedza mabotolo awo n'kubwerera. Iwo anakhala, nayamba kulemba mmene nyanja imafera ndi mmene imadzukira, ndipo zotsatira zake ndi buku la mu 1979 limene Margaret Kalk anakonza pamodzi ndi anzake. Zambiri zimene tikudziwa za kuuka kwa Chilwa zinachokera pa tsoka lokomalo.

Tsono kunabwera Malichi wa 2019. Mvula imene inatsogolera namondwe wa Idai inagwa usana ndi usiku m'chigawo chakummwera. Inagwetsa nyumba, inakokolola minda, inatenga miyoyo, ndipo palibe amene angaiwale zimenezo. Koma madzi amene anatsika m'phiri la Zomba ndi la Mulanje kulowa m'mitsinje yothira m'nyanjayi analibe kwina kopita. Likangala anasefukira, wofiira ndi dothi la m'minda ya kumtunda, n'kukhuthulira zonse m'chigwa chouma chija.

Poyamba ming'alu inkangomeza madzi, kuchita kumveka kubwibwita. Kenaka inakhuta n'kutsekeka. M'mawa wina pamene panali fumbi panali chithaphwi, mawa lake zithaphwi zagwirana manja, ndipo sabata isanathe mwana amene anazolowera kuthamangitsa mpira wachikulunga kutsogolo kwa doko ankauzidwa kuti asapite kutali, angamire. Achule, amene palibe ankadziwa kumene anabisala, anayamba msonkhano wawo wa usiku wonse. Udzudzu nawo unabwerera, ndipo ndikuganiza kuti m'mbiri ya dziko lino ndi nthawi yokhayo imene anthu anawomba udzudzu pa tsaya akumwetulira.

Oyamba kudya bwino anali amisiri a mabwato. Bwato la matabwa likakhala padzuwa miyezi yambiri limauma, matabwa n'kutalikirana, moti kuliponya m'madzi choncho ndi kuponya dengu. Padoko ponse panamveka nyundo. Mmisiri atakhala chonyonyomala, tchizulo m'manja, akukhomerera zidutswa za nsanza ndi zamasaka m'mipata ya matabwa, pambali pake chitini cha phula chikubwata pa mafuwa atatu, mwini bwato ataima chapafupi kumuchonderera kuti, "Achimwene, langali lithe lero, mawa ndilawirire." Mmisiri yemwe miyezi ingapo yapitayo ankakhoma mipando yosowa wogula tsopano ankayankha mosathamanga, maso ali pa ntchito, kuti bambo adikire, pali anzawo anabwera kale. Akabaza amene anadyerera nyengo ya chilala anabweza njinga zawo kumtunda. Chisi chinakhalanso chilumba, ndipo wofuna kukaona abale kumeneko anayambanso kupisa m'thumba.

Nanga nsomba zinachokera kuti? Funso limeneli limabwera nthawi iliyonse nyanja ikadzuka, ndipo pali ena amalumbira kuti zimagwa ndi mvula. Zoona zake n'zokoma kuposa pamenepo. Madzi akamaphwa n'kumawawa mchere, nsomba zimathawira kumathiriro a mitsinje, m'maiwe otsalira a Likangala, Domasi ndi inzake, ndi m'madambo mmene madzi abwino amachedwa kuuma. Mlamba ndiye katswiri: amatha kupuma mpweya wa kunja, choncho thope lonyowa limamukwanira kudikiramo. Pamene nsombazo zili m'ndende zawo, pansi pa nyanja pamakhala pakukonzedwa phwando. Udzu umamera pa dothi louma, ng'ombe zimadya udzuwo n'kusiya ndowe, ndipo mazira a tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi amagona m'fumbi osafa. Madzi akafika zonsezo zimawola, tizilombo timaswa, ndipo nsomba zotuluka m'mitsinje zimapeza nyanja yodzaza chakudya, yopanda opikisana nawo. Matemba, amene sachedwa kukula ndi kuswana, amadzaza msanga. Makumba amatsatira pambuyo. Sizichitika mwezi umodzi, zimatenga chaka kapena ziwiri, koma zikagwira, zimagwiradi. M'zaka zabwino kanyanja kosaya aka kamatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi. Anzathu a ku Mangochi sakonda kuimva imeneyi.

Pitani pa Kachulu lero dzuwa likungotuluka. Kuchokera m'tauni ya Zomba ndi makilomita pafupifupi 30, kudzera ku Matawale, ndipo fungo limakulandirani musanaone madzi: utsi wa milamba yowamba, matemba aawisi, thope, mafuta a injini. Mabwato akufika motsatizana, amayi ogula nsomba alowa kale m'madzi mpaka m'mawondo, zitenje atazikwinyira m'chiuno, mabeseni ali m'manja, aliyense akukuwa dzina la msodzi wake. Matemba amakhuthulidwa pa matandala n'kumwazidwa ndi dzanja, akunyezimira, ena akadali kudumphadumpha. Magulu ena a amayi amayanika m'nyumba zapulasitiki zowumitsira nsomba ndi dzuwa, zimene zinabwera ndi pulogalamu yothandiza anthu a m'chigwachi kupirira kusintha kwa nyengo, imene bungwe la LEAD linkayendetsa pamodzi ndi WorldFish. Matemba a mmenemo satera ntchentche, salowa mchenga, ndipo amagulidwa mokwererapo. Ine pakamwa panga pamakondabe a pa thandala, okazinga ndi tomato mmodzi ndi tsabola wa kambuzi, pambali pali mpunga wa Faya wa ku sikimu ya Likangala. Koma zimenezo ndi za pakamwa panga.

Zimbowera nazo zinabwerera. Izi ndi timisasa timene asodzi amamanga pamwamba pa madzi, mkati mwa dambo la njedza. Amapinda ndi kusanjikiza njedzazo mpaka zitapanga nsanja yoyandama, pamwamba n'kuikapo kadenga, pakona n'kuthirapo dothi loti asonkhepo moto. Munthu amakhala mmenemo masabata ambiri osaponda mtunda, ndipo ogulitsa ufa, fodya, sopo ndi zitumbuwa amamupeza komweko pa bwato. Ukaponda pansi pa chimbowera pamanyenyera, madzi n'kutuluka pakati pa zala za kumapazi, koma eni ake amagona tulo tofa nato. Vuto lake ndi lodziwika: madzi akumwa ndi omwewo, chimbudzi ndi momwemo, ndipo kolera wavutitsa kuno kangapo, mpaka mu 2016 azaumoyo anachita kulondola asodzi ndi katemera wakumwa. Nyanja itauma kolera wa m'zimbowera anasowa pogwira, koma sindinamvepo munthu akuyamikira chilala pa chifukwa chimenecho.

Ndiye mbalame! Chilala chitafika pachimake kumwamba kwa Chilwa kunali akhwangwala ndi akabawi basi. Madzi atabwerera, thambo linadzaza. Akakowa oyera mbee m'mphepete mwa njedza, achimeza ataima mwendo umodzi, avuwo akuyandama m'magulu ndi matumba awo a kukhosi, atsekwe, abakha a m'madzi ouluka akuimba mluzu madzulo, ndi nkhwazi imene imalira itapendeketsa mutu chagada. Pa nyanjayi pamapezeka mitundu ya mbalame yoposa 150, ndipo dzinja likamayandikira pamafika zina zochokera ku Ulaya ndi ku Asia, zothawa chisanu cha kwawo. Kambalame ka miyendo yaitali kamene mukukaona kakujompha thope pa Kachulu mu Disembala mwina kanaswedwa kumpoto kwa Russia, ndipo kafika kuno popanda pasipoti. Mbalamezi ndizo zinachititsa kuti Chilwa ikhale malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa pangano la Ramsar, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika chigwachi m'gulu la malo achilengedwe amene limawasamala mwapadera. Anthu a m'mbali mwa nyanja amaziona ndi diso linanso: ndi ndiwo. Miyezi ya njala misampha imatcheredwa m'dambo, ndipo mbalame zootcha zimagulitsidwa m'misika ya m'midzi. Alenje ake ali ndi magulu awo ndi malo amene anagwirizana kuti asamasakemo kuti mbalame ziziswana. Ena amasunga pangano, ena ayi.

Wofuna kuona kukula kwa kusinthaku akwere phiri. Njira yapafupi ndi kukwera bwato pa Kachulu kupita ku Chisi, kukapereka moni kwa eni mudzi monga mwa mwambo, n'kupempha mnyamata woti akutsogolereni. Njira imayamba pakati pa milambe ikuluikulu, kenaka imakwera m'miyala, ndipo phirilo ngakhale silitalika limatulutsa thukuta. Nyamukani m'mawa, tengani madzi, valani nsapato zogwira. Abuluzi amathawa pa miyala yotentha, anyani amakuyang'anani ali patali, ndipo kumunsi, m'mphepete mwa madzi, ng'azi imadzigwetsa m'dambo ikamva mapazi. Mukafika pamwamba tembenukani pang'onopang'ono. Kumadzulo kuli phiri la Zomba, ndi Mpyupyu ataima yekha m'chigwa. Kummwera kuli Mulanje. Kumpoto kuli mapiri a Chikala, ndipo chakumpoto kwa nyanja kuli mtunda wa mchenga wolekanitsa Chilwa ndi Chiuta, umene njanji yopita ku Nayuchi ndi ku Nacala imadutsapo. Kummawa kuli mapiri a ku Mozambique. Pakati pa zonsezi pali madzi, ndi kachilumba ka Thongwe, ndi timadontho takuda tambirimbiri timene ndi mabwato. Amene anaima pamwala womwewo mu Novembala wa 2018 ankaona fumbi ndi tinjira ta njinga. David Livingstone, amene anafika m'mbali mwa nyanjayi mu Epulo 1859 ali ndi John Kirk, anachita mwayi kuipeza ili ndi madzi. Akanafika chaka cholakwika bwenzi atalemba kuti anthu anamunamiza.

Nyengo yabwino yokwera ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mpunga utakololedwa, kunja kukuzizira, thambo lili loyera. Chenjerani ndi mwera basi, chifukwa nyanja yosaya imavunduka msanga ndipo mafunde ake ndi aafupi, okwiya. Woyendetsa bwato akanena kuti tidikire, dikirani. Amene amaopa bwato akhoza kukwera phiri la Zomba, kugula mabulosi kwa anyamata a m'njira ya Ku Chawe, n'kukaima pa Emperor's View, pamene anaimapo mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia. Chiperoni chikapanda kuphimba, nyanja imaoneka kummawa ikuphathima.

Walira mvula walira matope. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy, amene anasiya maliro ochuluka ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, anathira madzi ena pamwamba pa amene analipo kale. Nyanja imene anthu ankailira kuti yathawa inafika mpaka pakhomo, kulowa m'minda ya mpunga ndi m'nyumba za m'mphepete, ndipo mabwato anayamba kukocheza pamene kale panali pouma. Mabanja ena anasamukira kumtunda. Mukawafunsa ngati akufuna zibwerere za 2018, amakuyang'anani modabwa.

Masiku ano mkangano wa padoko ndi wa nthawi yotseka nyanja. Kuyambira Disembala makoka amaletsedwa kwa miyezi ingapo kuti nsomba ziswane, ndipo makomiti a m'madoko amakhalira kukokana ndi anthu oponya usiku, ena mpaka ndi maneti a udzudzu amene amakokolola ndi ana a nsomba omwe. Kumakhala kulandana maukonde, milandu kwa amfumu, kutukwanizana. Ndiye tsiku lotsegulira limafika. Usiku wake padoko sagona: nyale zili ngwee, makoka akupakiridwa, matiyirumu aja atsegula kusanache ndipo sikono zatha tambala asanalire kachiwiri. Pofika 9 koloko malole ang'onoang'ono ndi njinga zamoto zayamba kale ulendo wa ku Zomba ndi ku Limbe, madengu atamangidwa mpaka pamwamba, ndipo mayi wina amene wachedwa akuthamangira galimoto yomaliza, beseni pamutu, akukalipira dalaivala kuti aime.