Olondolera Alendo Okaona Mbalame ku Liwonde

Olondolera alendo okaona mbalame m'nkhalango yotetezedwa ya Liwonde, omwe anthu amangowatchula kuti magaidi, amadalira khutu kuposa diso. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1973 m'mbali mwa mtsinje wa Shire, ndipo muli mitundu ya mbalame yoposa 400. Zambiri mwa izo zimayamba kumveka kulira zisanaoneke.

Ntchito imayamba m'bandakucha. Gaidi amanyamula magalasi oonera patali ndi buku la zithunzi za mbalame, ndipo ayenera kudziwa maina a Chingerezi kuwonjezera pa a Chichewa kapena Chiyao omwe anakula nawo, popeza alendo ambiri ndi akunja. Nkhwazi ndi kakowa sizivuta kupeza. Luso limaonekera pa kadzidzi wamkulu wofiirira wodya nsomba, Pel's fishing owl, yemwe masana amangoti duu m'mitengo ya masamba owirira m'mphepete mwa madzi. Gaidi wozolowera sathamangira kuyang'ana m'mwamba. Amayamba wafufuza pansi pa mtengo, ndipo akaona mamba a nsomba, minga ndi zitosi zoyera, amaloza chala mwakachetechete. Alendo ena amabwera kudzaona Lilian's lovebird, kambalame kobiriwira kofanana ndi chingolopiyo komwe kamagona m'mphako za mitengo ya tsanya. Timbalameti timafa tambiri anthu opha nyama mozembera akathira poizoni m'zithaphwi, ndipo n'chifukwa chake gaidi akaona chachilendo pamadzi amakanena msanga.

Gaidi sayenda yekha. Pamtsinje pali woyendetsa boti, amene amadziwa pozimitsira injini kuti boti liyandame pang'onopang'ono osadzidzimutsa mbalame, kwinaku maso ali pa mvuu ndi ng'ona. Pa ulendo wapansi pamakhala mlonda wa nkhalango wamfuti chifukwa cha njovu. Bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa nkhalangoyi mu 2015, linabweretsa akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018. Miimba yomwe inali itasowa inabwerera kudzadya zotsala za zilombozi, ndipo magaidi anapeza china choonetsa alendo.

Chovuta cha ntchitoyi ndi nyengo. Mbalame zochokera ku Ulaya ndi ku Asia zimapezeka m'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, nthawi yomwe misewu imadzaza matope ndipo alendo amachepa. Ndalama zomwe alendo amathokozera gaidi zimachepanso m'miyezi yomweyi, ndipo maulendo ambiri amakhala a paboti.