Nyale ya njinga yamoto: kanthu kochepa kosunga moyo

Dzuwa likangolowa pa Lunzu, Lizulu kapena Mponela, msewu wa M1 umasanduka wa akabaza. Amayi omwe atsalira kumsika, ana ochokera kuchigayo ndi abambo oweruka kuganyu, onse amadalira njinga yamoto kuti akafike pakhomo. Koma mwa njinga zomwe zimanyamula anthuwa, zilipo zoyenda ndi nyale yothima theka, zina yoloza kumwamba ngati ikusaka mbalame, pomwe zina wokwera kumbuyo ndiye amawalitsa ndi tochi ya foni.

Pamaso pa malamulo a dziko lino, njinga yamoto ndi galimoto ngati ina iliyonse. Lamulo la zapamsewu la Road Traffic Act la 1997 limafuna kuti ikhale yolembetsedwa, ya inshulansi ndiponso yoyendetsedwa ndi munthu wa laisensi. Iyeneranso kukhala yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo umboni wake ndi chiphaso chomwe ambiri amangochitchula kuti COF. Ntchitoyi ili m'manja mwa nthambi yaboma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services.

Njinga ikapita kokayesedwa, magetsi amaunikidwa pamodzi ndi mabuleki, matayala ndi hutala. Nyale yakutsogolo iyenera kuyaka pawiri: kuwala kopita patali, komwe madalaivala amati fulu, ndi kuwala kogwera pansi, komwe amati dimu. Switchi yosinthira iyenera kugwira ntchito, galasi likhale losasweka, ndipo nyaleyo ikhale yomangika bwino osati yolendewera pa waya kapena mphira. Kumbuyo kuyenera kukhala nyale yofiira ndi ina yoyaka woyendetsa akagwira buleki.

Mtundu wa kuwala nawo ndi nkhani. Chofiira ndi chakumbuyo. Woyendetsa galimoto akaona chofiira usiku amadziwa kuti chinthucho chikupita komwe iye akupita, kotero njinga yoika chofiira kutsogolo imamunamiza. Timagetsi tabuluu tothwanima, tomwe anyamata ena amakongoletsera njinga, timasokoneza chifukwa pamsewu mtundu umenewu umadziwika ndi apolisi.

Vuto lina lafika ndi mababu a LED omwe adzaza m'misika. Mbale yonyezimira ya mkati mwa nyale idapangidwa molingana ndi babu lake. Mukalowa babu la mtundu wina, kuwala kumamwazikana, kumathobwa m'maso amene akubwera kutsogolo pomwe msewu weniweniwo sukuoneka bwino. Katundu wolemera kumbuyo, monga matumba a chimanga, amanyamulanso mutu wa njinga, nyale ya dimu n'kumawala ngati fulu.

Masamu ake ndi osavuta. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Ngati nyale ikungoonetsa mamita 20, woyendetsa amaona ngolo, mbuzi kapena mwana nthawi yogwira buleki itatha kale. Paja chakudza sichiimba ng'oma.

Nyale imathandizanso masana, chifukwa njinga ndi yaing'ono ndipo imabisika mosavuta pakati pa minibasi ndi malole. Dziko la Malaysia lidalamula mu 1992 kuti njinga zamoto ziziyatsa nyale usana, ndipo kafukufuku adapeza kuti ngozi zobwera chifukwa chosaiona njinga zidatsika ndi 29 pa 100 iliyonse. Ku South Africa lamulo limati nyale ya njinga yamoto ikhale yoyaka nthawi zonse ili pamsewu. Ku India, komwe kumachokera njinga za Bajaj ndi TVS, kuyambira pa 1 Epulo 2017 njinga zatsopano zogulitsidwa m'dzikomo zimayatsa zokha nyale injini ikangolira. Kabaza wopeza njinga yotere n'kudula waya poti akusunga batire amakhala akutaya chitetezo chake.

Mwini njinga angathe kuyesa nyale pakhomo asadapite kokayezetsa. Madzulo aimike njinga pamalo osalala moyang'ana khoma, ataikwera. Kuwala kwa dimu kuyenera kugwera pansi pang'ono pa msinkhu wa nyaleyo. Ngati kukukwera pamwamba, makaniko wa pamsika amakonza pongosuntha bauti. Kupukuta fumbi pagalasi ndi kuyenda ndi babu lapadera ndi zinthu zotsika mtengo poyerekeza ndi chindapusa cha apolisi apamsewu, osanena za ulendo wa kuchipatala.

Banja nalo lili ndi mbali yake. Mayi wokweza mwana pa kabaza madzulo ali ndi ufulu wouza woyendetsa kuti ayatse kaye nyale zonse aone. Ikakanika kuyaka, pa siteji pamakhala njinga ina.