Kaufiti: Chizindikiro cha Nthaka Yoguga

Ulimi umadalira chuma chimodzi chimene chimatha mwakachetechete, ndicho chonde cha m'nthaka. Chaka chilichonse chimanga chimachotsa chakudya m'munda, ndipo mlimi akapanda kubwezeramo kanthu nthaka imaguga. Chimodzi mwa zizindikiro za kugugaku m'Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ndi kaufiti, kachitsamba ka maluwa ofiira kamene akatswiri amakatcha Striga asiatica.

Kaufiti sapikisana ndi mbewu monga amachitira udzu wamba. Iye amalowetsa muzu wake m'muzu wa chimanga, mapira, mawere kapena mpunga wa kumtunda, nayamba kuyamwa madzi ndi chakudya. Amakhala pansi mwezi wathunthu kapena kupitirira asanatulukire kunja. N'chifukwa chake chimanga chimapinimbira ndi kufota ngakhale mvula ikugwa bwino, mlimi osaona chomwe chikudya mbewu yake. Pamene maluwa akuoneka, kuononga kwakukulu kumakhala kutachitika kale.

Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi. Tsinde limodzi limabala njere zikwizikwi, ndipo zimatha kukhala zamoyo m'nthaka zaka zoposa 10. Njerezi sizimera chifukwa cha mvula yokha. Zimadikira mankhwala ena amene mizu ya mbewu imatulutsa. Mankhwala oyamba a mtundu umenewu anapezeka m'mizu ya thonje mu 1966 ku America. Mu 2005 akatswiri a ku Japan anaonetsa kuti mbewu zimatulutsa mankhwalawa pofuna kuitana tizamoyo ta mtundu wa bowa timene timathandiza mizu kupeza chakudya. Mbewu ikasowa nayitrojeni ndi fosifolasi imatulutsa mankhwala ambiri, ndipo potero imadzutsa njere zambiri za kaufiti. Ichi ndicho chifukwa chake vutoli limakula m'minda imene yabzalidwa chimanga chaka ndi chaka popanda manyowa.

Mbali iyi ya moyo wa kaufiti ndiyo imapatsanso mlimi njira yomugonjetsera. Njere ikamera imayenera kupeza muzu woyenera m'masiku owerengeka, apo ayi imafa. Thonje, soya, mtedza, nandolo ndi khobwe zimameretsa njerezi koma kaufiti wa chimanga sangayamwe mizu yake. Motero kasinthasintha wa mbewu amachepetsa njere zotsala m'nthaka, ndipo mbewu za mtundu wa nyemba zimaonjezeranso nayitrojeni. Chofunika kusamala ndi mtundu wina wa maluwa achikasu, Alectra vogelii, umene umagwira khobwe, mtedza ndi soya. Kumene mtunduwu wafala, mlimi afunse alangizi asanasankhe mbewu yosinthira.

Pali zinthu zinanso zitatu zoyenera kutsata. Choyamba, kaufiti azulidwe akangoyamba maluwa, njere zisanakhwime, ndipo atenthedwe kunja kwa munda. Kumusiya pamzere ndi kubzala vuto la zaka zamtsogolo. Chachiwiri, munda ulandire manyowa a m'khola, kompositi kapena feteleza, ndipo mapesi akwiriridwe m'malo mowatentha. Chachitatu, makasu ndi makhasu a ng'ombe ayeretsedwe pochoka m'munda wogwidwa, chifukwa njere zimayenda ndi dothi, madzi othamanga, ziweto ndiponso mbewu yokololedwa pamalo oipitsidwa.

Palibe njira imodzi imene imathetsa kaufiti m'nyengo imodzi. Njere zimene zinaunjikana kwa zaka zambiri zimatha pang'onopang'ono, ndipo ntchitoyi imapindula kwambiri pamene alimi a minda yoyandikana achitira pamodzi. Banja limene lasiya munda chifukwa cha kaufiti silipeza malo atsopano mosavuta monga kale, popeza anthu achuluka ndipo minda yachepa. Kubwezeretsa chonde pamalo omwewo ndiyo njira yotsala yotetezera nkhokwe.