Mapulogalamu a Dima m'Lamya Zathu

Tsiku lina madzulo, pa mapemphero a banja, tinapempha mwana wathu wotsiriza kuti atiwerengere Salimo 121 kuchokera m'lamya yake ya m'manja. Asanafike pa ndime yachitatu, pansi pa Mawu a Mulungu panatulukira chithunzi choitanira anthu ku juga ya mpira. Mwanayo anagwetsa nkhope, ndipo amayi ake anangoti kukamwa yasa. Kuyambira tsiku limenelo takhala tikudzifunsa kuti: pulogalamu imene amati ndi yaulere, amailipira ndani?

Olipira ndife tomwe. Makampani ambiri amapeza phindu potsatsa malonda ndi posonkhanitsa mbiri ya mwini lamya, monga kumene amayenda ndi zimene amakonda kuona. Malangizo oyendetsa pulogalamuyo amawabisa, kotero kuti palibe angadziwe zimene ikuchita mseri.

Komatu alipo anthu ena, m'maiko osiyanasiyana, amene anatsata njira yofanana ndi dima la kumudzi, kapena mmene Akhristu timaumbira njerwa za tchalitchi: aliyense amabwera ndi dzanja lake, ndipo nyumbayo ndi ya onse. Iwo amalemba mapulogalamu naika malangizo ake poyera, kuti wodziwa aliyense awayese, awakonze ndi kuwagawa. M'chaka cha 2010 Ciaran Gultnieks wa ku Britain anayambitsa F-Droid, nkhokwe ya mapulogalamu otere ya lamya za Android. Chimene chatikondweretsa ife aphunzitsi ndi chakuti F-Droid imachenjezeratu ngati pulogalamu ili ndi zotsatsa malonda kapena ngati imalondola mwini wake.

M'nkhokwemo muli AndBible, yowerengera Baibulo, imene anaiyamba ndi Martin Denham. Ilibe malonda, ndipo mukatsitsa mabuku ake kamodzi mumawerenga popanda intaneti. Mulinso OsmAnd, mapu oyenda nawo ngakhale kumene kulibe netiweki. Mapuwa amachokera ku OpenStreetMap, ntchito imene Steve Coast anayamba mu 2004, mmene munthu wamba amaloledwa kulembamo msewu, mjigo kapena sukulu ya kwao. Achinyamata athu, kodi tchalitchi chanu chilimo? Ngati mulibe, wochilemba ndinu.

Tisabise zovuta. Ena a mapulogalamuwa saoneka okongola, ndipo akavuta palibe ofesi yokadandaulako, pakuti ambiri owakonza ndi ongodzipereka. Signal ingagwire ntchito ya WhatsApp, koma ipindulanji ngati abale onse ndi gulu la Chigwirizano atsalira kwinako? Pa NewPipe, yoonera makanema a YouTube popanda malonda, mtima wathu ukukayika, chifukwa wojambula kanema amadyera malonda omwewo, ndipo wantchito ayenera kulandira mphotho yake. Banja lililonse lilingalire bwino.

Kunjanso kuli mtambo. Mu 2025 kampani ya Google, imene imatsogolera Android, inalengeza kuti olemba mapulogalamu adzayenera kulembetsa maina awo kwa iyo, ndipo a F-Droid anadandaula poyera kuti lamulo lotere likhoza kupha ntchito yawo.

F-Droid sipezeka mu Google Play. Muyenera kuitenga pa tsamba lake lenileni, osati kwa mnyamata aliyense wa pamsika. Kwathu anatiikira ndi mwana yemwe uja, ife titavala magalasi pambali pake, ndipo Salimo 121 analiwerenga mpaka ndime yachisanu ndi chitatu.