Khoma likavula, mvula siichita chisoni

Mwezi wa Okutobala ukafika, woyenda pamsewu wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi amaona utsi wa mauvuni a njerwa m'midzi ya Mfumu Yaikulu Kalembo m'boma la Balaka. Ino ndi nyengo yomanga. Amene wagulitsa thonje, nandolo kapena mbuzi amathamangira pa Ulongwe kukagula malata ndi misomali kuti mvula yoyamba impeze ali m'nyumba yatsopano.

Koma ndalama zambiri zimathera padenga. Khoma lakunja limasiyidwa lamaliseche, mwini wake n'kumati adzalikonza chaka chamawa. Apa ndiye pamayambira mavuto.

Anthu a dera lino, lomwe linali mbali ya boma la Machinga kufikira 1998, sanaiwale mvula ya Januwale 2015, ya namondwe Idai mu 2019, ya Ana mu 2022 ndi ya Freddy mu Malichi 2023. Nyumba zambiri sizinakokoloke ndi madzi osefukira ayi. Zinangonyowa masiku angapo, dothi lomangira n'kusungunuka, khoma n'kukhala pansi denga likadali latsopano.

Ndiye khoma livekedwe chiyani? Amisiri omanga amati yankho limayambira pa chimene khomalo lamangidwira.

Nyumba ya zidina kapena ya mdindo siigwirizana kwenikweni ndi pulasitala wa simenti. Dothi limafufuma likanyowa n'kunyala likauma, pamene simenti imangouma gwa. Pakapita nyengo pulasitala amang'aluka, madzi amalowa kuseri kwake n'kusowa potulukira, ndipo tsiku lina chibenthu chonse chimagwa. Chiswe nachonso chimakonda njira yobisika imeneyi. Khoma lotere limafuna kumatidwa ndi dothi losakaniza mchenga, kenaka n'kupakidwa laimu. Ntchitoyi ndi yobwereza chaka ndi chaka mvula isanayambe, koma mtengo wake ndi wochepa, ndipo laimu sachokera kutali popeza miyala yake imakumbidwa kumapiri a Chenkumbi m'boma lomweli.

Nyumba ya njerwa zootcha yomangidwa ndi matope, monga zilili nyumba zambiri m'midzi, imanyenga maso. Njerwa ndi yolimba, koma mvula yamphepo imakokolola dothi la m'mizere pang'onopang'ono. Amene thumba lake ndi lopepuka angathe kuphoyinta, kutanthauza kukolopola dothi pang'ono m'mizere n'kutsekamo simenti. Njirayi imadya matumba ochepa kusiyana ndi pulasitala wa khoma lonse. Koma imathandiza pokhapokha njerwa zitapsa bwino. Njerwa yakupsa imalira ngati chitsulo ukaigogoda, pamene ya m'mphepete mwa uvuni imafumbutuka ndipo imafuna kubisidwa.

Pulasitala wa simenti ndiye chovala chokhalitsa pa njerwa zootcha ndi mabuloko. Muyeso wodziwika ndi ndowa imodzi ya simenti pa ndowa zinayi kapena zisanu za mchenga wosefa, wopanda dothi. Khoma linyowetsedwe asanayambe kumata, ndipo lithiridwe madzi kwa sabata yathunthu. Kutentha kwa m'chigwa cha Shire kumaumitsa pulasitala msanga, ndipo wouma mothamanga amachita ming'alu. Pentinso asafulumire. Wamafuta akapakidwa pakhoma lachinyontho amatutuma n'kusupuka. Mtundu woyera kapena wowala umabweza dzuwa, m'nyumba n'kumazizirirapo.

Mtengo wa simenti ndiwo ukubweza ambiri m'mbuyo, makamaka kuchokera pomwe ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Komabe banja lingathe kugawa ntchito. Chaka choyamba likhoza kumata mbali imene mvula imawomba kwambiri ndi m'munsi mwa khoma mozungulira kufika m'mawondo, pomwe madzi ogwa kudenga amathovukira. Mbali zotsala zingadikire zokolola zina.

Palinso nkhani ya mitengo. Mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootchedwa ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi zamalonda, pofuna kuteteza nkhalango. N'chifukwa chake sukulu ndi zipatala zatsopano zikumangidwa ndi mabuloko a simenti kapena njerwa zopsinja pamakina, zosakaniza dothi ndi simenti pang'ono. Njerwa zamakinazi zikapangidwa bwino zimakhala zosalala moti ena amangoziphoyinta osamata pulasitala.

Ngakhale zili choncho, palibe chovala chimene chingapulumutse khoma lopanda chipewa ndi nsapato. Denga lituluke masentimita osachepera 60 kuchoka pakhoma, kapena nyumba ikhale ndi khonde lozungulira monga ankamangira makolo. Maziko akwere pamwamba pa nthaka, ndipo pakati pa maziko ndi khoma payalidwe pepala lapulasitiki lakuda lotchinga chinyontho. Kunja kukumbidwe ngalande yopatutsa madzi.

Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro siikata. Banja limene latsala ndi ndalama ya matumba awiri okha a simenti lili ndi chisankho: kukongoletsa pabalaza kuti alendo ayamikire, kapena kutseka mizere ya khoma lakunja. Alendo amabwera n'kupita, koma mvula ya Januwale ikapeza khoma lovula imagona pompo.