Maina Amene Akusowa pa Zithunzi za Njanji Yathu

Aliyense amene adakachezapo ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, adaona injini ya sitima yapamtunda yotchedwa Shamrock. Inzake, Thistle, idasungidwa ku Limbe. Injini ziwirizi zidapangidwa ku Mangalande ndi kampani ya Bagnall ndipo zidayamba ntchito m'dziko muno pamene njanji yoyamba idali kumangidwa kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje. Mbiri yasunga maina a zitsulo zimenezi mosamala kwambiri. Koma mbiri yomweyo siitchula maina a makolo athu amene adalambula tchire, kusenza dothi m'madengu ndi kuyala njanji imene injinizo zidayendapo. Nkhani imeneyi ndiyo tifuna kuitula kwa akuluakulu a Boma ndi aphunzitsi.

Tiyenera kukumbukira chimene njanjiyi idabwerera. Madzi a mumtsinje wa Shire adali kuphwa chaka ndi chaka, kotero kuti sitima zapamadzi zinkalephera kukwera. Katundu wopita ku Blantyre ankayenda pamitu ya atengatenga, pamene azungu a minda ya khofi, thonje ndi fodya ankafuna anthu omwewo kuti aziwalimira. Chomwecho njanji siidamangidwe pofuna kupeputsa mtolo wa munthu wakuda ayi, koma kuti munthuyo atule katundu nanyamule khasu. Idadzera ku Chiromo, nikwera mapiri motsata chigwa cha mtsinje wa Ruo, nifika ku Luchenza ndi ku Limbe, ndipo m'chaka cha 1908 idalowa mu Blantyre, mtunda wa mamailosi 113.

Zotsatira zake zidabwera pang'onopang'ono. M'chaka cha 1915 njanji idafika ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi, ndipo mu 1922 ina yochokera ku Beira idafika tsidya linalo, ku Murraça. Kwa zaka 13 anthu ndi katundu ankatsika m'sitima, kuoloka mtsinje pa sitima yapamadzi, ndi kukweranso ina kutsidya. Mavutowa adatha mu 1935 pamene udatsegulidwa mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, ndipo chaka chomwecho njanji yakumpoto idafika ku Salima podzera ku Balaka ndi ku Chipoka. Pazithunzi mlathowo umaoneka wokongola zedi. Chimene chithunzi sichingaonetse ndi ngongole yake. Katswiri wa mbiri, Leroy Vail, atasanthula zikalata za boma la Britain, adalemba mu 1975 kuti ngongole za njanji ya ku Beira ndi mlathowo zidasenzetsedwa dziko la Nyasaland, mwakuti ndalama zoyenera kumangira sukulu ndi zipatala zinkathera kumeneko. Mphunzitsi amene aonetsa ana chithunzi cha mlathowo osatchula ngongoleyo wawaphunzitsa theka chabe.

Tsono tiyang'ane zithunzi zenizenizo. Wojambula nthawi imeneyo adali mzungu, ndipo ankajambula zimene iye adaziona kuti n'zofunika: injini yatsopano, mlatho, bwana atavala chipewa chake. Munthu wakuda alipo ndithu pazithunzizo, kawirikawiri ali ambiri, piki kapena fosholo ili m'manja, koma mawu olembedwa kunsi amatchula bwanayo ndi injiniyo, enawo nangotchedwa antchito. Komabe sitiyenera kuzinyoza zithunzizi. Mwana wochenjera atha kuwerengapo zambiri: kuti anthuwo adavala chiyani, kuti ankagwira ntchito opanda nsapato, kuti chitunda chachitali chija chidaunjikidwa ndi manja popanda makina.

Chifukwa china chozisamalira n'chakuti m'chaka cha 1919 moto udatentha maofesi aakulu a Boma ku Zomba, ndipo zikalata zambiri za zaka zoyambirira zidapsera momwemo. Zaka zimenezo ndizo zomwe njanji ya ku Nsanje idamangidwa. Nyumba yosungira zikalata za Boma ku Zomba idakhazikitsidwa mu 1947, moto utadya kale zake. N'chifukwa chake zithunzi ndi mapepala amene bungwe la Society of Malawi limasunga ku Mandala House, pamodzi ndi zotsala za ku Zomba, n'zamtengo wapatali. Madzi akatayika saoleka.

Za makolo a mu 1908 tachedwa nazo. Koma pali mbiri ina imene eni ake akali moyo. Mu 1960 Amalawi ogwira ntchito pa njanji adanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Dziko litalandira ufulu, mu ulamuliro wa Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, njanji ya ku Nkaya mpaka ku Nayuchi idatsegulidwa mu 1970 kuti tizifika ku doko la Nacala. Mu 1979 sitima idafika ku Lilongwe ndipo mu 1980 ku Mchinji, mothandizidwa ndi dziko la Canada. Kenaka nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira, mlatho wa Dona Ana nuphwanyidwa mu 1986, ndipo madzi osefukira a mu 1997 adadula njanji cha ku Chiromo. Mu 1999 ntchito yoyendetsa sitima idaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Paliponse pamene ofesi yasintha eni, kapena siteshoni yatsekedwa, mabuku ndiwo amayamba kuiwalika, ndipo tonse tikudziwa chimene chiswe ndi denga lodontha zimachita ndi pepala.

Kwa akuluakulu a m'maboma amene njanji idadutsa, pempho lathu n'lakuti afufuze m'zipinda zosungiramo katundu ndi m'masiteshoni akale. Buku la malipiro, kaundula wa antchito, ngakhale buku lolembamo matumba a chimanga ndi mtedza amene adakwezedwa pa siteshoni, zisatenthedwe ngati zinyalala. Buku la malipiro ndilo lofunika koposa, pakuti mmenemo ndimo muli maina. Azidziwitse a ku nyumba yosungira zikalata ku Zomba, amene ntchito yawo ndi imeneyo.

Kwa aphunzitsi, makamaka a ku Limbe, Luchenza, Balaka, Liwonde, Salima ndi Nsanje, ntchito yanu n'njapafupi. M'midzi yozungulira sukulu zanu muli azigogo amene adakhalapo oyendetsa sitima, osonkhezera malasha, okonza njanji, alonda ndi akalaliki, ndipo ambiri ali ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri m'sutikesi. Tumani ana a m'makalasi apamwamba akawapemphe mwaulemu, popanda kuwalanda zithunzizo. Akafunse kuti chidajambulidwa kuti, chaka chanji, ndipo amene aimirirawo ndani. Mayankho alembedwe m'kope, dzina lililonse pamodzi ndi mudzi wake, mfumu yake ndi ntchito imene mwini dzinalo ankagwira. Ngati eni chithunzi alola kuti kumbuyo kwake kulembedwe, palembedwe ndi pensulo, pakuti inki imalowerera niononga nkhope.