Bwanji madzi amawawa akalowa m'mphuno?

Munadumphirapo m'nyanja ya Chiuta n'kuvuuka mphuno ikuwawa ngati mwanunkhiza tsabola? Ndi osmosis ija ya mu Biology. Madzi a m'thupi mwanu ali ndi mchere pafupifupi magalamu 9 pa lita. A m'nyanjamo mchere ndi wochepa, ndiye amalowa m'maselo a m'mphuno n'kuwatupitsa.

Osambira ena amavala nose clip, kachipangizo kopanira mphuno. Kazipana pofewa, m'munsi mwa fupa; kakamapweteka ndiye kuti kathina. Mukatha katsukeni, kaume pamthunzi, poti dzuwa ngati la ku Balaka limawononga labala. Osabwerekana!

Mulibe? Muzitulutsa mpweya m'mphuno pang'onopang'ono mukamira.

Koma likodzo kameneka sikangaletse. Tizilombo take timachokera mu nkhono n'kuboola khungu. Mukaona magazi mu mkodzo, pitani kuchipatala. Mankhwala ake ndi praziquantel.